Amadamu Agulitsa Galimoto

Randburg, Joni
6 Okutobala 2024

Okondedwa amake Angel,

Mughonile kumeneko. Ndikhulupirira kuti inu ndi mwana muli bwino, pamodzi ndi amayi ndi onse a ku Mwenilondo. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Kalatayi ndapatsira a Bruce a thiransipoti, amene amabweretsa katundu wa anthu kumudzi. Pa foni ya a Zubairi pa golosale paja sinditha kulankhula zonse, anthu ogula sopo amamvera nawo. Ndiye ndiziika pa pepala. Chinkhonde kulemba chimandivuta, kusukulu tinkalemba Chichewa basi.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Amadamu, a Carol, ndi oyembekezera, akuti adzachira m'Malichi. Lachitatu anandiitana ndikuthirira maluwa, akuti, "Golden, mkazi wako Fainess uja amatha kulera mwana?" Ndinati amatha madamu, wathu wakula bwino osadwaladwala. Akuti ndiye abwere mu Febuluwale adzalere wathu, ndipo Angel abwere naye, mwana sasiyana ndi mayi ake. Abwana a Gregory avomera. Amake Angel, ndinakhala pansi pa kapinga, paipi ili m'manja. Mwana ndinamusiya ali ndi miyezi inayi, pano ali ndi zaka ziwiri ndi theka, ine ndimangomva mawu.

Mu envulopu yaing'ono muli ndalama zonse zomwe ndasunga chibwerere. Zimenezo ndi za mapasipoti awiri ndi basi. Si za ndiwo, si za maliro, si za mlamu aliyense wobwera ndi nkhope yachisoni. Mapasipoti mukapangitse ku Mzuzu. Mutenge kabuku ka kusikelo ka mwana ndi chitupa chanu, muziike m'pulasitiki.

Chipinda changa chili kuseri kwa nyumba. N'chaching'ono, bedi ndi kabati basi chadzaza, koma tidzakwana. Denga silidontha, madzi ndi a pampopi.

Chinthu chimodzi chokha sindikuchimvetsa, mwina si kanthu. Galimoto ya amadamu, yoyera ija ndinajambulitsa ndikuitsuka, yagulitsidwa. Bambo wina anabwera Loweruka, anaizungulira, anamenya matayala ndi phazi, n'kupita nayo. Sinali yowonongeka, woitsuka ndine, ndikanadziwa. Mwina akufuna kugula ina. Musauze anthu.

Mwana azigona m'neti. Mbuzi yaikazi ija musaigulitse.

Ndine mwamuna wanu,
Golden

Randburg
3 Novembala 2024

Amake Angel,

Moni kumeneko, nanga mwana ndi amayi? Ine ndili bwino. Ndagha, zikomo chifukwa cha kalata yanu ndi usipa uja, ngakhale a Bruce akuti unawanunkhitsira galimoto mpaka ku Tete. Zoti Angel akaona foni ya a Zubairi amakuwa kuti baba, baba, inu mwalemba moseka, koma ine sizinandiseketse.

Galimoto ina sinabwere. Ndadikira mwezi wathunthu. Pano amadamu m'mawa uliwonse amayenda wapansi mpaka pa kona, n'kuima pa siteji kudikira basi. Munthu wogwira ntchito kubanki ku Sandton, woyembekezera, nsapato za gogoda zili m'chikwama. Tsiku loyamba ndinawaona ndikuchokera kogula buledi, ndinabisala kuseri kwa mpanda kuti asachite manyazi kuti wantchito wawo wawaona. Ndinaima pamenepo mpaka basi inapita.

Chinanso, Loweruka lililonse onse awiri amanyamuka m'mawa, galimoto ya abwana n'kuisiya pakhomo. Akuti akukakwera sitima. Kumene amapita sanena. Amabwera atatopa, ndi mapepala ambiri, n'kukhala pa tebulo mitu pamodzi. Mapepala ena ali ndi chizindikiro cha banki. Tsiku lina ndinamva amadamu akukweza mawu. Sindinamvetsere, si khalidwe.

Ndinafotokozera Jeffrey, mnzanga wa ku Iponga uja, mlonda wa pa geti la msewu wathu. Iye sanachedwe. Akuti, "Mwana wa kwathu, ukufuna achite kukulembera pa bolodi? Agwa amenewo. Waiwala a Kenan a pa Mlare?" Ndipo zoonadi sindinaiwale. A Kenan anayamba ndi kugulitsa pikapu, n'kumati akufuna lole. Kenako tinawaona pa kabaza. Mvula isanathe sitolo inatsekedwa, antchito anangouzidwa m'mawa pakhomo.

Koma apa pali pomwe mutu wanga waima. Jeffrey yemweyo akuti sitima imeneyo ndi yodula, ulendo umodzi ndi ndalama yomwe ine ndimadyera masiku awiri, okwera ake ndi anthu a matayi. Nanga munthu wakugwa akwera bwanji chinthu chodula? Nanga ngati sanagwe, asiyiranji galimoto pakhomo, mafuta alimo? Ndamufunsa Jeffrey, akuti a Kenan nawo pa kabaza paja ankavala suti.

Mwati mukufuna kupita ku Mzuzu sabata ya mawa. Dikirani kaye pang'ono. Sindikuti zalephereka ayi. Ndalamazo zikhale momwemo, musazigwire.

Wanu,
Golden

Randburg
1 Disembala 2024

Amake Angel,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse. Ine thupi lili bwino, tulo tokha ndi timene tikuvuta.

Mwati bwanji osangowafunsa. Amake Angel, mwalemba ngati simunakulire kwathu. Munthu wamkulu akamavutika sumufunsa kuti bwana kodi mwagwa. Umaona, n'kukhala ngati sunaone. Bambo anga anagwira kwa a Kenan zaka zisanu ndi ziwiri, sanafunsepo, ndipo mpaka lero a Kenan amawapatsa moni wa manja awiri.

Ndipo chofunsa palibenso. Pa geti aika chikwangwani choti nyumba ikufuna wina wolowamo. Ndiye kuti nyumbayi ndi ya lendi, ine zaka ziwiri zonsezi ndimayesa ndi yawo. Anthu akubwera kudzaiona. Mayi wina anatsegula chipinda changa osagogoda, ine ndili kudya, n'kuuza mwamuna wake kuti muno tizidzasungamo njinga. Amadamu ayamba kulonga mbale m'makatoni. Abwana anandiuza kuti, "Golden, kutha kwa Januwale tikusamuka, tikupita cha kufupi ndi Pretoria. Zikakhala bwino tidzakamba." Ndinati chabwino bwana. Taganizani. Onse awiri ntchito ili pano pa Sandton, abwana za makompyuta, amadamu kubanki, pamphuno pomwepa, iwo akukakhala kutali ngati kuchoka pa boma kukafika ku Songwe. Kwathu munthu akachoka pa boma n'kukakhala kumudzi timadziwa chimene chamuchotsa.

Chomwe chikundipweteka, amadamu akadali kundifunsa kuti pasipoti ya Fainess ili pati. Ine ndimati zikuyenda madamu. Ndikudziwa akungofuna kuti ndisaone manyazi awo, nane ndikuwathandiza kubisa.

Tsono mverani bwino. Ku Mzuzu musapite. Ndalama yogona m'nyumba imatha ndi mavuto a anthu ena. Pitani kwa azakhali a Dora mukachite lendi munda wawo wa mpunga wa kudambo uja, wonse, osati theka. Ng'ombe zolimira lipirani msanga, mvula ikangogwa aliyense amazifuna tsiku limodzi. Mbewu ikhale Kilombero. Feteleza matumba awiri. Nazale muike cha kumtunda, madzi angadzakokolole. Ngati ntchito ithe kuno, tisadzakhale ndi njala konse kuwiri.

Chinanso. Pa mpunga wotsala wa chaka chatha pimani ndowa imodzi, wabwino, mupete bwinobwino, mupatse a Bruce. Si wanga, ndi wa abwana ndi amadamu. Anthu awa anandilandira ndilibe ngakhale bulangete.

Angel musamuuzenso za basi yaikulu. Aiwale.

Golden

Randburg
5 Januwale 2025

Amake Angel,

Chaka chabwino kwa inu ndi onse. Ndathokoza Kyala kuti malungo a mwana atsika. Mankhwala amalize onse, ngakhale akusewera. Neti ija ngati yang'ambika isokeni, musadikire ine.

Kalata yanu yandiwawa. Mwati ndapeza mkazi kuno n'chifukwa chake ndakuletsani kubwera. Amake Angel, mkaziyo ndimuika pati, pomwe chipinda chomwe akuti asungamo njinga? Funsani a Bruce, amandipeza ndekha ndi mapoto anga awiri. Komabe ndagha kuti munda mwalipira ndipo ng'ombe zalima, ngakhale mwachita mutakwiya.

Mpunga unafika. Ndinauika pakhomo la kukhitchini m'mamawa, pamodzi ndi usipa pang'ono ndi mpiru wa m'kadimba kanga, osagogoda, monga timachitira pakhomo pomwe pagwa zovuta. Koma amadamu anandipezerera. Akuti, "Golden, ichi n'chiyani?" Ndinati ndi mpunga wa kwathu madamu, watumiza Fainess. Akuti ndi zingati. Ndinati si wogulitsa. Akuti, "Nanga ndi wa Khirisimasi?" Ndinati eya, kuti asachite manyazi. Anaphika tsiku lomwelo, fungo mpaka kumsewu. Abwana anadya mbale ziwiri n'kubwera kuseri kudzandigwira chanza. Nditamva mmene anadyera mtima unandiwawa chomene. Anali ndi njala munthu ameneyo.

Koma taonani izi. Pa Khirisimasi anandipatsa bonasi yonse monga chaka chatha, ndi nsapato pamwamba. Ndinafuna kubweza theka, amadamu anandigwira pamphumi kuti mwina ndatentha thupi. Ndiye sindikudziwa. Jeffrey akuti koloboyi akamatha mafuta ndi pomwe amawala kwambiri. Mwina n'zoona. Iye wakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi, ine ziwiri zokha.

Jeffrey yemweyo wandipezera malo kotsuka magalimoto ku Diepsloot. Kogona ndi anthu anayi chipinda chimodzi, mkazi ndi mwana sangakhaleko. Ndamuuza kuti ndiyankha anthu awa akasamuka. Za kumeneko zina ndamva, sindilemba. Kunonso sabata yatha kunali anthu oyenda m'misewu kufunsa alendo mapepala, ndinakhala mumpanda masiku awiri. Zatha, musade nkhawa, ndipo amayi musawauze.

Ndatumiza sopo, mafuta ophikira ndi kadilesi. Ngati kakula adzakulira momwemo. Ndinangoyerekeza ndi mwana wa anthu ena mu sitolo.

Wanu,
Golden

Randburg
26 Januwale 2025

Amake Angel,

Moni. Ndili bwino, kapena sindili bwino, kaya. Werengani mpaka kumapeto musanachite chilichonse.

Dzulo Loweruka amadamu anagogoda kwanga, akuti, "Golden, samba, uvale bwino, tikupita." Ndinati lafika tsiku la a Kenan. Ndinaika mapepala anga onse m'thumba la jekete.

Tinakwera basi ija mpaka ku Sandton. Siteshoni ya sitima ija ili pansi pa nthaka, masitepe oyenda okha, kutsika, kutsikabe, ngati tikulowa mu mgodi wa malasha. Abwana anandigulira khadi, umangoligunditsa pa kageti n'kutseguka. M'sitimamo mulibe kondakitala, mulibe woitanira, ndipo sidikira kuti idzaze. Mipando yambiri inalibe anthu koma inanyamuka basi. Mwini wake amapeza bwanji phindu, kaya. Ndinapereka moni kwa bambo woyandikana nawo, anandiyang'ana n'kubwezera tizingwe tawo m'makutu. Ndinatulutsa mtedza, amadamu anandigwira dzanja, akuti muno sadya. Mtedza ndisanaubwezere bwino m'thumba tinali kunja, msewu waukulu uli pansi pathu, magalimoto tikuwasiya ngati aima. Mphindi makumi awiri okha, akuti tafika, kuno ndi ku Centurion. Kwathu nthawi imeneyo minibasi ikadali pa siteji, kondakitala akuti atsala anthu awiri.

Tinakwera basi ina, pang'ono pokha, n'kutsika pa nyumba. Amake Angel, ndi yaikulu kuposa ino. Zipinda zitatu, bwalo, mtengo wa mandimu. Ine ndimayesa tabwera kwa achibale odzawasunga. Amadamu anatulutsa makiyi m'chikwama. Agula. Si lendi. Galimoto yoyera ija ndi imene inakhala ndalama yoyambira.

Abwana ataona ndangoti kakasi anandifotokozera. Akuti pafupi ndi Sandton nyumba yotere amagula ndi mabwana awo okha, malipiro a iwo awiri sangakwane ngakhale atagwira mpaka imvi. Kuno mtengo ndi theka. Akuti kuchoka ku Randburg pa galimoto m'mawa amatha ola lathunthu pa mzere wa magalimoto, pomwe kuchoka kuno pa sitima safika ngakhale ola. Akuti popanda sitimayi sakanatha kugona kuno n'kumagwira kuja, ndipo kuja sakanagula nyumba mpaka kufa, akanangolemeretsa mwini lendi. Ndiye kuti kutali ndi kumene kuli pafupi, ndipo wogulitsa galimoto ndi amene zikumuyendera. Ndinangoti eya bwana. Mpaka pano ndikuzitembenuza, sizikukhala.

Kenako amadamu akuti bwera uone. Kuseri kuli kanyumba, zipinda ziwiri, bafa lakelake, penti yatsopano. M'chipinda chaching'ono muli kabedi ka mwana, ndi bulangete la pinki, kapepala ka kusitolo kakadali pomwepo. Akuti, "Sitinafune kukuuza banki isanavomere, tikanakunamiza." Ndiye akuti, "Fainess afika pa 15 Febuluwale, eti?"

Ndinati eya madamu. Pakamwa panangoyankha pokha.

Amake Angel, thamangani. Ngati feteleza simunagule, musagule. Ngati mwagula, gulitsani ngakhale motchipa. Pitani kwa azakhali a Dora, muwagwadire, abweze ngakhale theka, munda atenge pamodzi ndi nazale yake. Mbuzi gulitsani. Ndiimbira pa foni ya a Zubairi Lachisanu masana, mukhale pomwepo.

Golden

Centurion
23 Febuluwale 2025

Amake Angel,

Moni kumeneko. Tasamuka, adiresi ndi imene ili pamwamba pa envulopu. Ine ndili moyo.

Zomwe munanena pa foni ndamva, ndipo kalata yanu ndawerenga katatu. Mpunga mwawokera wonse, feteleza woyamba ali m'madzi, azakhali a Dora ndalama anagulira malata. Mwati, munalamula ndinu, ine ndinachita.

Milungu itatu amadamu sindinawauze, ndikuganiza kuti mwina njira ipezeka. Pa 15 amadamu anaphika nkhuku n'kundifunsa kuti basi ifika nthawi yanji. Ndinavula chipewa, ndinanjuta pakhomo la kukhitchini.

Ndinati, "Madamu, Fainess sabwera lero. Pasipoti palibe. Ndalama ili m'munda wa mpunga."

Akuti, "Sakufuna kubwera?"

Ndinati, "Amafuna. Ndinamuletsa ndine."

Akuti, "Chifukwa?"

Ndinati, "Ndinaona mwagulitsa galimoto, madamu. Ndinakuonani pa siteji. Ndimayesa mwagwa."

Abwana anali pa sinki, anatembenuka pang'onopang'ono, akuti, "Dikira kaye. Ndiye mpunga uja unali wa chipepeso?" Ndinati eya bwana. Anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe, akuti, "Carol, ndinadya mbale ziwiri pa maliro anga omwe!"

Amadamu sanaseke. Akuti, "Miyezi itatu ndikukufunsa, iwe n'kumati zikuyenda. Bwanji osandifunsa?"

Ndinati, "Kwathu wamkulu sitimufunsa zotere madamu, n'chipongwe."

Akuti, "Nanga kundinamiza ndi ulemu?"

Chimene ndimayesa ndikuwasungira ulemu, iwo akuti ndi bodza, ndipo ndikaganiza bwino ndi bodzadi. Koma bambo anga anachita chomwecho ndipo anthu amawatama. Sindikudziwa kuti zasiyana pati.

Amadamu atsala ndi milungu itatu kapena inayi, ndipo alibe munthu. Achemwali awo akudziwa mayi wina wa ku Tembisa, a Anne, amene akufuna ntchito. Ngati a Anne azigona pano, chipinda chaching'ono ndi chawo, ndipo za inu ndi Angel zathera pomwepo. Amadamu akuti aganiza. Kabedi kaja kakadali momwemo. Chitseko chake ndimatseka.

Lolemba ndinawanyamulira amadamu chikwama mpaka kusiteshoni. Kumbali kuli malo oimikapo magalimoto, odzaza thoo, abwino okhaokha, eni ake onse ali m'sitima. Akanakhalapo Jeffrey akanati tauni yonse yagwa. Ndamuuza kuti ku Diepsloot sindipita. Akuti, "Ine ndinangonena zomwe ndinaona." Nanenso ndinangoona zomwezo.

Mpunga popeza tinaulowa, tiukolole. Palirani msanga, thumba lachiwiri la feteleza lisachedwe. Mbuzi ngati simunagulitse isiyeni.

Pepani.

Golden

Centurion
6 Epulo 2025

Okondedwa amake Angel,

Mughonile. Nanga mwana, nanga amayi? Ine ndili bwino. Amadamu anachira pa 19 Malichi, mwana wamwamuna, onse ali bwino.

A Anne anayamba, koma amayendera. Iwo sitima sakwera, akuti ingawadyere malipiro onse. Amakwera matakisi awiri, maola awiri, pomwe abwana opita kutali amafika msanga kuposa iwo. Ndiye kuti sitima ija imafupikitsa njira ya ena okha. Izinso sindinazimvetse, koma ndazisiya.

Milungu isanu ndi umodzi palibe ananena za chipinda chija. Ine ndinayambanso kuyang'ana zizindikiro. Lachinayi ndinaona amadamu akuyeza windo la chipindacho ndi tepi. Mtima unati basi, a Anne akulowa. Ndinatsala pang'ono kuimbira Jeffrey. Kenako ndinakumbukira mbale ziwiri zija. Ndinasamba m'manja, ndinagogoda, ndinati, "Madamu, ndifunse nawo. Kodi chipinda chija chikadali cha Angel?" Thukuta ngati ndalima ekala.

Amadamu anakuwa, "Gregory, tabwera udzamve, Golden wafunsa!" Akuti amayeza makatani a Angel. Akuti iwo abwerera kuntchito pa 14 Julayi, ndipo a Anne agwirizana mpaka pomwepo basi, chifukwa apeza malo kufupi ndi kwawo. Inu mukhale mutafika sabata imodzi tsikulo lisanakwane. Mukapanda kufika alemba wina wogona pano, ndipo sadzadikiranso. Akutinso Lamlungu lililonse ndiziwauza pomwe zafika, zoona zokhazokha.

Tsono zili motere. Mu envulopu muli malipiro anga a miyezi iwiri yapitayi, ndasiya ya ufa yokha. Ku Mzuzu mupite mwezi uno, musadikire kukolola. Mbalame aziingitsa amayi. Mpunga ukacha mumwete, mupunthe, mugulitse matumba okwana basi, musadikire kuti mtengo ukwere. Ndowa imodzi ndi ya abwana, akuti ulendo uno alipira ndipo adya osalira.

Chinthu cholimba chili m'kalatamu ndi khadi la sitima, ndaguliratu lanu. Basi ikakutsitsani pa siteshoni ya Park mu Joni mudzandipeza pomwepo, tidzakwera limodzi. Mwana adzadyeretu, m'menemo sadya. Adzakhale ku windo. Ndipo muyambe kumuuza kuti baba si foni ya a Zubairi, ali ndi miyendo ndi mutu.

Envulopu ndinali nditamata kale, ndaitsegulanso. Chiyambire Okutobala ndakhala ndikungoti pitani, dikirani, limani, thamangani. Munda mwaulima nokha, mwana ali kumbuyo, ndipo a Bruce akuti anthu akumaima pa msewu kuuyang'ana. Mwina simufunanso kuusiya. Mwina ndi amayi. Mwina mwakwiya kufika poti basi. Sindikudziwa, ndipo zoyerekeza ndasiya. Amadamu ndawauza kuti yankho ndilibe mpaka a Bruce atabwera, amenewo anyamuka kumeneko pa 20.

Ndiye ndikufunsa. Fainess, mukufuna kubwera?

Ndine mwamuna wanu,
Golden